Dzanja Lamanzere la a Sajeni Kurzawa

A Teofil Kurzawa ndinawadziwa mu Okutobala wa 1940, pa bwalo lina la ndege kum'mawa kwa Mangalande, bwalo lomwe linali matope okhaokha. Ine ndinali makanika m'gulu lathu la Apolandi, iwo anali sajeni woyendetsa ndege yankhondo, zija zokwera munthu mmodzi. Akuluakulu anandipatsa ndege yawo kuti ndiziisamalira, ndipo tsiku lomwelo anabwera kudzandizonda. Anayamba ndi zikhadabo zanga, kenaka anayang'ana mmene ndinayalira masipanala pa nsanza.

"Dzina?"

"Ignacy Pazdur, a Sajeni. Anzanga amangoti Ignac."

"Umamwa?"

"Akandigulira."

"Ndiye kuti sumwa, chifukwa pano palibe wogulira mnzake. Tigwirizana ine ndi iwe."

Anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu, zomwe kwa oyendetsa ndege zankhondo ndi ukalamba weniweni. Anyamata ankawatchula kuti Agogo, koma akapotoloka. Bambo awo ankagwira ntchito ya njanji kufupi ndi Radom, choncho mwana wa munthu wamba ngati iwo sanakwezedwepo kupitirira usajeni. Komabe kwa zaka khumi ndi chimodzi anaphunzitsa pa sukulu ya ndege kwathu, moti theka la mabwana a gulu lathu linadutsa m'manja mwawo. Polandi atagwa anathawira ku Romaniya ngati tonsefe, n'kukwera sitima ya pamadzi kupita ku Falansa, Falansa nayenso atagwa n'kuwolokera ku Mangalande. Kumudzi anasiya mayi awo ndi mlongo wawo, ndipo kalata sinkabwera.

Sanali munthu wa zambiri. Sankavina, sankathamangitsa atsikana achingerezi, Chingerezi chawo chinali cha pa wayilesi ya m'ndege basi. Chomwe ankafuna padziko lapansi chinali chimodzi: kukhala pa kampando ka m'ndege yankhondo mpaka Majeremani atatuluka m'dziko lathu. Tsiku lina ndinawafunsa chomwe adzachite nkhondo ikatha. Anandiyang'ana ngati ndawafunsa za kumwezi, n'kundiuza kuti ndione mafuta.

Tsono pali kanthu kamodzi komwe Angerezi anatizunguza nako mutu. Kumanzere kwa woyendetsa ndege kumakhala kandodo kopatsira injini moto. M'ndege za kwathu, ngakhalenso za ku Falansa, ukafuna moto unkakoka kandodoko kuti kabwere kwa iwe. Angerezi, anthu othira mkaka mu tiyi, anachita zawozawo: ukafuna moto ukankhe, ukakoka ndiye kuti waifooketsa injini. Masabata oyamba kunali zisudzo zaulere. Munthu woti anagwetsapo Majeremani kumwamba kwa Warsaw ankati aime, ndege n'kuthamanga naye kukalowa mumpanda wa mlimi. Angerezi ankagwira m'mutu, ife tinkaseka mpaka nthiti kuwawa, kenaka n'kuchezera kuwongola zitsulo.

Anyamata anazolowera sabata imodzi yokha, poti m'manja mwawo munalibe zambiri zoti aiwale. Vuto linali kwa katswiri. Munthu amene wakhala zaka khumi ndi chimodzi akukuwira ophunzira kuti "Koka! Koka, chitsiru iwe!" dzanja lake silimvanso zonena za mutu. A Teofil ankadziwa zimenezi, ndipo analimbana nazo mwamphamvu. Podya ankakankha supuni patebulo uku milomo ikugwedezeka. Pa golovesi lakumanzere analembapo ndi inki kuti KANKHA. Ine ndinawajambulira muvi woyera pambali pa kandodoko. Zinthu zikakhala zili bwinobwino sankalakwitsa ngakhale kamodzi, ndipo panalibe wotera bwino kuposa iwo m'gulu lonse. Koma akadzidzimuka, dzanja linkabwerera kwawo ku Polandi.

Ndinazindikira m'mawa wina mu Novembala. Ankabwera kudzatera, matayala atatsitsa kale, pomwe lole ya mafuta inangotulukira n'kudutsa pakati pa bwalo. Pamenepo woyendetsa amayenera kupereka moto wonse n'kukweranso. Ine maso anga si abwino kwenikweni, koma khutu la makanika silinama. Ndinamva injini ikuti zii, ndege n'kutitimira, kenaka injini inabangula mochedwa. Tayala linametako nthambi za mpanda, ndipo anapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Atazungulira n'kutera ndinakwera pa phiko kukawamasula malamba. Kunja kunkazizira koopsa koma iwo anali thukuta lokhalokha.

"Ignac, injini yakhosomola," anatero.

"Sinakhosomole, a Sajeni."

"Ndati yakhosomola."

"Ine ndinali apa, ndamva ndi makutu angawa. Mwakoka."

Anavula golovesi lija n'kuyang'ana dzanja lawo nthawi yaitali. Polankhula, mawu anali otsika.

"Akadziwa andichotsa. Ukudziwa komwe amatumiza nkhalamba? Kukauluka ndi chinsanza chomangirira kumbuyo, kuti ana aziphunzirirapo kuwombera. Ine sindinawoloke mayiko anayi kudzakoka nsanza, Ignac. Ndipatse mwezi umodzi. Dzanjali ndilithyola khosi."

Ndege iliyonse inali ndi buku lake momwe makanika ankalemba zonse zomwe zavuta. Ndinalemba kuti mapulagi anali akuda. Ndinachotsa mapulagi abwinobwino, omwe ndinatsuka ndekha dzulo lake, n'kuikamo ena. Zinandiwawa, chifukwa ine pa ntchito yanga ndinali wonyada, ndipo mpaka lero ndikadali choncho. Koma ndinkawakonda munthuyo. Patangopita sabata anagwetsa ndege ya Majeremani m'nyanja, ndipo pobwera anandikumbatira pamaso pa anthu, kenaka anandibweretsera soseji yathunthu, yomwe sindidziwa anaipeza kuti m'dziko la kabichi wophika ndi madzi lija. Ndinadziuza kuti bodza langa labala zabwino.

Kumapeto kwa mwezi womwewo zinachitikanso ponyamuka, mbalame zitawadutsa kumaso. Ndinalemba kuti paipi ya mafuta inali ndi zinyalala.

Amene ankauluka pambali pawo anali Lucjan Bielak, tonse tinkamutcha Lutek. Anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, makutu aakulu, ndi mimba yosakhuta. Akazi a m'mudzi wapafupi ankamukonda chifukwa ankapsompsona dzanja la aliyense, ngakhale la mayi wogulitsa masitampa. Pa udindo anali bwana wa a Teofil, koma poti anaphunzira kuuluka m'manja mwawo ankawatchulabe kuti a Mphunzitsi, ndipo akalowa ankaimirira. A Teofil ankamunyoza kuti amatera ngati thumba la mbatata, koma Lutek akachedwa kubwerera sankachoka pabwalo mpaka atamuona.

Pakati pa Disembala gulu lathu linakumana ndi Majeremani pamwamba pa nyanja. Adaniwo anatulukira kudzuwa, anzathu onse anapereka moto, ndege ya a Teofil yokha n'kutsalira. Kunali kanthawi kochepa chabe, koma kumwambako kanthawi kotere n'kokwanira kuti munthu afe. Lutek anatembenuka kukawateteza, ndipo anabwera ndi mabowo khumi ndi anayi m'ndege yake, limodzi litadutsa pafupi ndi bondo. Atatera anabwera kwa ife ali chitsimphinire. Ine ndinali pansi pa phiko, choncho ndinamva zonse.

"A Mphunzitsi, ndaona," anatero Lutek. "Si injini."

"Waona chiyani iwe ndi mantha ako aja?"

"Utsi unaleka kutuluka, kenaka unabwera wambiri. Ndi dzanja. Ine sindiuza munthu, koma pitani nokha kwa a Kaputeni. Chonde. Lero tapulumuka, mawa sindikudziwa."

"Kamwana koti ndinkakapukuta mamina, lero kakundiphunzitsa ntchito? Choka apa, kadye."

Lutek anachoka. A Teofil anawerama n'kundiyang'ana pansi pa phikopo. Ndinatenga buku n'kulemba kachitatu kuti injini inafooka yokha.

Mawa lake ndinali nditavundukula injini, ndikufunafuna vuto lomwe ndinkadziwa kuti kulibe, pomwe anafika mkulu wa amakanika, a Sikora. Anali munthu wa pakamwa ngati lumo, ndipo tinali awiri okha m'shedimo.

"Ignac, mwana wakoyu ali ndi chifuwa chachikulu kapena? Katatu mwezi umodzi! Kwanu unkakonza chiyani kodi, mawilibala?"

"Ndikuyang'ana, a Sikora."

"Ukuyang'ana ndi chiyani, ndi makutu? Amakanika achingerezi akutiseka uko. Akuti Apolandi kuuluka amatha, koma sipanala amaigwira ngati foloko. Ine ndatopa nawe. Lolemba ukatsuke mapoto kukhitchini, ndegeyi ndiipereka kwa munthu wodziwa ntchito."

Ndinaponya sipanala pansi.

"Injini yanga ilibe chifuwa! Ndi yabwino kuposa zonse pabwalo pano. Kafunseni dzanja la a Sajeni, lomwe limakoka pofunika kukankha!"

A Sikora anangoti, "Ohoo," n'kutuluka mwakachetechete.

Ndikanakonda ndikanati ndinaulula pofuna kupulumutsa miyoyo. Zaka zambiri ndinayesa kudzinamiza choncho, ndipo n'zoona kuti chinsinsi chimenecho chikanapha munthu tsiku lina. Koma za mabowo a m'ndege ya Lutek sindinaziganizire n'komwe nthawi imeneyo. Ndinaganizira mapoto, ndi Angerezi akundiseka. Ndinagulitsa mnzanga chifukwa munthu wina ananyoza sipanala yanga, ndipo ndimachita nazo manyazi.

A Sikora atakanena, a Kaputeni, mkulu wa gulu lathu, sanachite zaphokoso. Nawonso anali ophunzira a a Teofil akale. Anawaitana, n'kukwera nawo m'ndege yophunzitsira ya mipando iwiri ngati kungoyendera. Pobwera kudzatera, atatsala pang'ono kugunda pansi, anakuwa mwadzidzidzi kuti "Moto!" Dzanja linakoka. A Kaputeni analanda ndegeyo n'kuiteretsa okha, ndipo awiriwo anakhala m'menemo kwa mphindi khumi injini itazima. Madzulo ake chikalata chinatuluka: Khirisimasi ikatha, Sajeni Kurzawa apite kumpoto kwa Sikotilandi kukakoka nsanza.

A Teofil anandipeza m'shedi ndikupukuta zida. Ndinadziwa kuti chibakera chafika. Koma anakhala pa bokosi n'kuyatsa fodya.

"Lutek wandigulitsa," anatero.

Ndinapitiriza kupukuta sipanala yomwe inali yoyera kale.

"Anandiuza maso ndi maso kuti sauza munthu. Patangopita masiku awiri, ndi izi. Mwana wa mabwana ndi wa mabwana basi." Anandigwira paphewa. "Iwe katatu konse unasenza mlandu wanga, unadetsa dzina lako chifukwa cha ine. Sindidzaiwala, Ignac."

Mawu anali pakhosi, ochepa chabe. Ndinawameza.

Madzulo a tsiku loti mawa ndi Khirisimasi, nyenyezi yoyamba itaoneka, tinasonkhana tonse m'chipinda chodyera, mabwana ndi ife wamba pamodzi. Ansembe anali atapeza opłatek, mkate woyera wopyapyala wa Khirisimasi ya kwathu, ndipo monga mwa mwambo aliyense ankayenda ndi kachidutswa kake, kunyemerana ndi mnzake, kufunirana zabwino ndi kukhululukirana za chaka chonse. Tsiku limenelo ngakhale mdani wako sum'kaniza. Amuna akuluakulu ankalira poyera pokumbukira kwawo. Ndinaona Lutek akudutsa pakati pa anthu, makutu ali psuu, atatambasula dzanja ndi kachidutswa kake. A Teofil anaika manja kumbuyo.

"A Mphunzitsi, si ine. Ndikulumbira pa mayi anga."

"Kanyemerane ndi a Kaputeni. Si amene umagawana nawo zinthu?"

"Ndingakuchiteni zimenezo ine? Inu?"

"Dutsa, mnyamata. Ukutsekereza njira."

A Teofil anatembenukira kwa ine, ananyema mkate wanga, ine n'kunyema wawo, n'kundipsompsona masaya onse awiri. Lutek anali ataimabe pomwepo, dzanja lili m'malere. Kenaka anaika kachidutswa kaja m'thumba la malaya n'kutuluka. Wanga unandimatirira kumtunda kwa mkamwa, ndinavutika kuumeza.

Lutek anafa mu Febuluwale. Ankabwerera ndi ndege yowomberedwa, kunja kuli nkhungu, n'kuomba phiri. Ndinalembera a Teofil ku Sikotilandi. Anayankha kalata ya masamba awiri yokamba za mvula, za nkhosa ndi za nsapato zomwe zinkawathina. Dzina la Lutek munalibe.

Zaka zinayi ndi theka anakoka nsanza. M'mawa uliwonse ankanyamuka ndi ndege yakale yotopa, chinsalu chachitali chikuuluka kumbuyo pa waya, ana ongobwera kumene akuwombera, ena kuphonya nsalu n'kulasa mchira wa ndege. Kumeneko kunalibe chowadzidzimutsa chenicheni, ndiye dzanja linkamvera. Anapempha kasanu kuti abwerere ku gulu lankhondo, kasanu konse anawakanira. Nkhondo inatha ali ndi ndege imodzi yokha ya mdani pa dzina lawo, ndipo dziko lomwe ankafuna kulimasula linali litangosintha mwini, kuchoka kwa Majeremani kupita kwa Arasha. Mlongo wawo analemba kalata yoyamba mu 1946. Anati mayi anamwalira zaka zitatu zapitazo, ndipo pansi anaonjezera kuti nyengo kumeneko si yabwino kwa anthu ochokera ku Mangalande. Anamva tanthauzo lake, sanapite.

Anakakhala ku Nottingham, komwe kunali Apolandi ambiri, n'kulowa ntchito pa fakitale ya njinga, yoika masipoko m'mawilo. Atamva kuti ine ndikungozungulira m'misasa ya asilikali opanda kwawo, anabwera kudzanditenga. Anandipezera ntchito yokonza mabasi, anandigoneka pansi m'chipinda chawo miyezi isanu ndi itatu, kenaka anandipezera nyumba mumsewu womwewo, makomo atatu kuchokera kwawo. A Sikora anali atabwerera ku Polandi, ndipo a Kaputeni anafa nkhondo isanathe. Wodziwa zoona ndinatsala ndekha.

A Teofil anakwatira a Genowefa, mayi wamasiye amene anadutsa ku Siberiya ndi m'misasa ya othawa kwawo asanafike ku Mangalande, mayi wosataya ngakhale khoko la buledi. Mboni ya ukwati ndinali ine. Ine sindinakwatire, choncho Lamlungu lililonse tikatuluka ku Misa ndinkadya kwawo msuzi wa nkhuku, pa mpando wanga wapafupi ndi zenera. A Teofil ankalima nkhaka ndi tomato kuseri kwa nyumba, ankakonzera ana a anthu njinga ulere, ndipo ankakangana ndi wayilesi pa nkhani za ndale. Ndege sanakwerenso moyo wawo wonse. Ku kalabu yathu ya Apolandi, anzathu akayamba kufotokoza za nkhondo, manja ali m'mwamba kuonetsa mmene anazungulirira Mjeremani, iwo ankanyamuka kukathandiza amayi kudula buledi kukhitchini. Wina akaledzera n'kuwafunsa kuti nsanza zinali bwanji, ankangoti zinali zazitali. Ndipo Khirisimasi iliyonse ankayamba kunyema opłatek ndi ine, asanafike kwa mkazi wawo.

"Uyu ndi amene sanandigulitse," ankauza alendo. A Genowefa ankandiwonjezera nsomba m'mbale.

Mudzafunsa chifukwa chake sindinanene. Chaka choyamba ndinkaopa chibakera. Zaka zotsatira ndinkaopa kutaya mpando wa pazenera uja, chifukwa kunja kwa nyumba imeneyo ndinalibe munthu m'dziko lonse la Mangalande. Kenaka zaka zinangochuluka, ndipo bodza la zaka makumi awiri limalemera kuposa la sabata imodzi. Ndinkadziuza kuti wakufa samva kanthu.

Lamlungu lomaliza la Okutobala chaka chilichonse tinkakwera basi ya kalabu kupita ku Newark, komwe kuli manda a oyendetsa ndege athu, kukayatsa makandulo. A Teofil ankanyamula chikwama chodzaza makandulo a m'mabotolo, ndipo ankayenda mzere ndi mzere, kuyatsira odziwika ndi osadziwika omwe. Akafika pa mwala wa Lutek ankayang'ana kumbali n'kudutsa. Ine ndinkatsalira ngati ndikumanga nsapato, n'kuyatsa yanga. Ankandiona.

"Mtima wako ndi wofewa ngati batala, Ignac," ankatero. "N'chifukwa chake akazi anakuthawa."

Mu 1974 anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi zinayi, atapuma ntchito, ndipo dokotala anali atawauza kuti mtima wawo wayamba kutopa. Chaka chimenecho tinafika ku manda masana, kukuwomba kamphepo kozizira. Tinayenda mizere monga mwa nthawi zonse, koma titafika pa Lutek anaima. Anandipatsa ndodo yawo kuti ndigwire, n'kugwada movutikira, bondo limodzi kenaka linalo. Anatulutsa kandulo, anaiyatsa kachitatu chifukwa cha mphepo, n'kuvula chipewa.

"Lutek," anatero, "ndakalamba, ndipo posachedwa tionana. Sindikufuna kubwera kumeneko ndi katundu ameneyu. Unandilakwira, mwana iwe, koma unali wamng'ono. Ndakukhululukira."

Chidani chawo ndinachipirira zaka makumi atatu ndi zitatu. Koma kumva munthu wosalakwa akukhululukiridwa, ine wolakwa nditaima pambali nditagwira ndodo, zimenezo zinandikanika.

"A Teofil, sanali Lutek."

Sanatembenuke.

"Ndinali ine. A Sikora ananyoza ntchito yanga, anati andipititsa kukatsuka mapoto, ine n'kuwauza za dzanja lanu. Lutek sanauze munthu. Ankanena zoona."

Anakhalabe chigwadire. Kumbali ina ya manda anthu anali atayamba kuimba ndi ansembe. Kenaka anatambasula dzanja. Ndinati akufuna ndiwadzutse, koma anatenga ndodo yokha n'kudzuka okha. Nkhope yawo sinali yaukali. Ndikanakonda ikanakhala yaukali.

"Za ndege zisiye," anatero. "A Kaputeni anachita bwino, ndikanapha munthu. Ndinadziwa kalekale, kungoti sindinkafuna kunena. Ukanandiuza m'shedi muja ndikanakuthyola chibwano, pofika Pasaka tikanayambanso kumwera limodzi."

"Ndinkaopa, a Teofil."

"Unali pomwepo, Ignac. Mwanayu anatambasula dzanja, analumbira pa mayi ake. Iwe unali pambali panga ukutafuna." Anayang'ana mwala wa Lutek. "Anabwerera kudzanditeteza kumwamba kuja. Mabowo khumi ndi anayi. Ine n'kumuuza kuti akutsekereza njira. Wapita nazo m'manda zimenezo, ndipo ine zaka zonsezi ndikum'dutsa ngati galu. Wandisandutsa munthu woipa iwe, ine osadziwa."

Anatsegula chikwama n'kutulutsa makandulo onse otsala, asanu ndi awiri, n'kuwandandalika pa mwalawo. Nditati ndithandize kuyatsa anandiletsa ndi dzanja. Anayatsa okha, imodziimodzi, machesi akuthyoka. M'basi pobwerera anakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala.

Anakhala ndi moyo zaka zina zitatu ndi theka, makomo atatu kuchokera kwanga. Sanandilalatire, sanandithamangitse. Tikakumana mumsewu ankakweza chipewa n'kunena kuti kwacha bwanji, monga amachitira ndi wobweretsa makalata. Lamlungu loyamba sindinapite kukadya, ndipo a Genowefa anabwera okha kudzanditenga, akundikalipira kuti msuzi ukuzizira. Ndinapita. A Teofil anandipatsira mchere nditapempha, anayankha zomwe ndinafunsa, atamaliza kudya anatuluka kukaona nkhaka zawo, ngakhale munali mu Novembala ndipo m'dimba munalibe kanthu. Kuyambira pamenepo ndinayamba kupeza zifukwa: chimfine, ntchito, mwendo. Pa Khirisimasi ankanyema nane opłatek chifukwa tsiku limenelo sum'kaniza munthu, ndipo iwo anali atalumbira kuti sadzakanizanso wina. Koma maso awo ankayang'ana pakhoma.

Anamwalira mu Malichi wa 1978, m'mawa, akupopa tayala la njinga ya mwana wa neba. Masana ake a Genowefa anagogoda pakhomo panga atavala zakuda. Ndinawalowetsa ndikudziwa kuti abwera kudzandiuza kuti ndisaoneke ku maliro, ndipo ndinali wokonzeka kuvomera.

"A Ignac," anatero, "ansembe akufuna munthu woti adzalankhule kumanda. Ndawauza kuti palibenso wina koma inu."

"Ine? Mayi, kodi a Teofil sanakuuzeni kanthu?"

"Kanthu kanji? Zoti munasemphana? Ndinaona kuti mwazizirana, amuna okalamba muli ngati ana. Ndinawafunsa kangapo, iwo ankangoti ndi za kunkhondo, si zanga zoti ndinene." Anandigwira dzanja. "Musadandaule nazo. Inu ndi amene simunawagulitse, Nottingham yonse ikudziwa. Mudzanene zimenezo basi, mmene munawabisira m'buku muja. Ankaikonda nkhani imeneyo."

Zaka zitatu ndi theka anali nacho chinsinsi changa, ali ndi chifukwa chokwanira chondivulira pamaso pa kalabu yonse, ndipo sanauze ngakhale mkazi wogona naye chipinda chimodzi. Ine chawo ndinachisunga mwezi umodzi ndi masiku ochepa.

Lachisanu ndinavala jekete langa la mamendulo n'kuima pamutu pa dzenje. Anthu anali ambiri, a Genowefa ali kutsogolo akundiyang'ana ndi maso oyembekezera. Ndinanena kuti a Teofil Kurzawa anali mwana wa munthu wa njanji, kuti anaphunzitsa anthu ambiri kuuluka, ndipo kuti panalibe wotera bwino kuposa iwo. Ndinanenanso kuti panali mnyamata wina dzina lake Lucjan Bielak, amene anabwerera kukawateteza pamwamba pa nyanja, ndipo sanawalakwirepo chilichonse. Anthu anayang'anizana, chifukwa ambiri dzinalo sankalidziwa. Zotsalazo zinali pakamwa, koma ndinayang'ana mayi wamasiyeyo n'kupinda kapepala kanga. Ansembe anadikira pang'ono, ataona kuti ndatha anayamba pemphero.